Kodi ndingasiye ntchito ndili ndi zaka 45?

Funso: Ndili ndi zaka 33, ndimagwira ntchito ku bungwe lina lomwe si la boma ku Lilongwe. Akadula msonkho ndi penshoni ndimatsala ndi K2 miliyoni pamwezi. Pafupifupi K1.3 miliyoni imathera pa lendi ya K400,000, chakudya, mafuta a galimoto, fizi ya mwana wanga komanso thandizo kwa amayi ku Dedza. K700,000 yotsalayo ndimasunga, ndipo pano ndili ndi K15 miliyoni ku fixed deposit yomwe imabereka 12 peresenti pachaka. Ndakhala ndikuonera anthu a ku America pa YouTube, a gulu lomwe amalitcha FIRE, akunena kuti ukasonkhanitsa ndalama zomwe umagwiritsa ntchito pachaka kuchulukitsa ka 25, utha kusiya ntchito osadzagwiranso. Ine makontrakiti a chaka chimodzichimodzi anditopetsa. Kodi ndingapume ndili ndi zaka 45?

Yankho: Mayi, ndisakuzungulitseni. Kusiyiratu ntchito ina iliyonse pa zaka 45, ndi ndalama zomwe mwatchulazi, sizitheka. Koma kufika poti kontrakiti ikatha inu n'kumagona tulo tabwinobwino, kufika poti mungakane ntchito yomwe mtima wanu sukuifuna n'kumagwira masiku atatu okha pa sabata, zimenezo n'zotheka. Mukachita bwino mungafikepo musanakwanitse zaka 50. Kusunga K700,000 pa K2 miliyoni iliyonse si zamasewera, ndi anthu ochepa amene amakwanitsa. Vuto lanu si dzanja lotayirira ayi. Vuto ndi komwe mwaika ndalamazo, komanso muyezo womwe mwabwereka kwa eniake.

Nambala ya 25 ija ili ndi kwawo. Mu 1994 mlangizi wina wa zachuma ku America, William Bengen, anatenga mbiri ya masheya (tizigawo ta umwini wa makampani) ndi ngongole za boma la dziko lawo kuyambira 1926, n'kufunsa kuti munthu wopuma pa ntchito angamatape zingati pachaka popanda chuma chake kumuthera asanathe zaka 30. Anapeza kuti akatapa pafupifupi 4 peresenti chaka choyamba, kenako n'kumawonjezera molingana ndi kukwera kwa mitengo, ndalamazo zimamufikitsa ngakhale atapuma pa nthawi yoipitsitsa. Mu 1998 aphunzitsi atatu a pa Trinity University ku Texas anapeza zofanana. Tsono 4 peresenti ndi gawo limodzi mwa magawo 25, n'chifukwa chake amati chulukitsani ka 25.

Masamuwo alibe cholakwa. Koma taonani nthaka yomwe anamerapo. Ndi dziko lomwe pa zaka zonsezo mitengo yakhala ikukwera ndi pafupifupi 3 peresenti pachaka, lomwe ndalama yake ndi imene mayiko ena onse amaisaka, ndipo munthu wamba atha kugula kachigawo ka makampani mazanamazana nthawi imodzi pa foni. Komanso kafukufukuyo anali wa zaka 30. Inu mukapuma pa 45, Mulungu akakusungani mpaka 85, ndalamazo ziyenera kukudyetsani zaka 40.

Tiyeni tiyeseko kaye masamu awowo pa ndalama zanu, ngati kuti kuno n'chimodzimodzi. Pachaka mumagwiritsa ntchito K15.6 miliyoni. Kuchulukitsa ka 25 ndi K390 miliyoni, ndipo iyi ndi kwacha ya lero, yogula zomwe ikugula lero. Mumasunga K8.4 miliyoni pachaka. Ngati ndalama zanu zitamangoyenda limodzi ndi mitengo, osapambana osagonja, pa zaka 12 mudzakhala ndi K116 miliyoni kuphatikizapo yomwe muli nayo kale. Zimenezo n'zokudyetsani zaka 7 ndi theka. Ngati zitamapambana mitengo ndi 5 peresenti chaka chilichonse, zomwe ngakhale ku America amati wachita mwayi, mudzakhala ndi pafupifupi K160 miliyoni, chakudya cha zaka 10. Kuti mufike pa K390 miliyoni pa liwiro limenelo pafunika zaka 23, inu muli ndi zaka 56. Apa simunadwale, simunakhalepo miyezi isanu opanda kontrakiti, galimoto sinafe injini.

Tsono nazi zomwe a pa YouTube aja sangakuuzeni chifukwa sanazionepo. Ndalama yanu ya ku fixed deposit ikuchepa, ngakhale pepala la ku banki likuonetsa kuti ikukula. K15 miliyoni pa 12 peresenti imabereka K1.8 miliyoni. Boma limadulapo msonkho wa 20 peresenti pa chiwongoladzanja, mumatsala ndi K1.44 miliyoni. Chaka chikatha muli ndi K16.44 miliyoni, mukumwetulira. Koma kuyambira 2023 mpaka 2025 mitengo ya zinthu m'Malawi inkakwera ndi pafupifupi 30 peresenti pachaka. Kuti mugule zomwe K15 miliyoni inkagula chaka chathacho mumafunika K19.5 miliyoni. Ndiye kuti m'chaka chimodzi mwataya K3 miliyoni, thukuta la miyezi inayi yosunga, popanda wakuba kuthyola chitseko. Pa liwiro la 30 peresenti mitengo imawirikiza kawiri zaka zitatu zisanathe. Thumba la feteleza lomwe mumagulira amayi linali cha m'ma K20,000 mu 2020, pofika kumapeto kwa 2024 linali litadutsa K100,000.

Onjezanipo kugwa kwa kwacha. Mu May 2022 Reserve Bank of Malawi inachepetsa mphamvu yake ndi 25 peresenti. Mu November 2023 inachepetsanso ndi 44 peresenti, dola imodzi n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700 usiku umodzi. Akuluakulu akukumbukanso za May 2012, pomwe kwacha inagwanso kwambiri. Aliyense amene anali ndi ndalama zake phee ku banki masiku amenewo anadzuka ali wosaukirapo. Abale athu a ku Zimbabwe, kuphatikizapo ana a Amalawi omwe anakagwira ntchito m'migodi ndi m'mafamu, anaona zoposa apa mu 2008, pomwe penshoni ya moyo wonse wa munthu inafika posagula ngakhale buledi. Ife sitinafike pamenepo, koma phunziro lake ndi lathu lomwe.

Choncho chinthu choyamba kusintha ndi kawerengedwe. Lekani kuwerenga chuma chanu m'mamiliyoni, chifukwa miliyoni ya chaka chino si miliyoni ya chaka chamawa. Muziwerenga m'miyezi. Tengani zonse zomwe muli nazo, mugawe ndi zomwe banja lanu limadya pamwezi. Lero K15 miliyoni kugawa ndi K1.3 miliyoni ndi miyezi 11 ndi theka. Chaka chamawa mudzawerengenso pa mitengo ya nthawi imeneyo. Miyezi ikakwera, mukupita patsogolo. Ikatsika pomwe mamiliyoni akwera, dziwani kuti mukubwerera m'mbuyo mutavala bwino.

Nanga ndalamazo zipite kuti? Ambiri akangomva zimenezi amathamangira ku Treasury bills, komwe munthu amakongoza boma kwa masiku 91, 182 kapena 364. N'zoona kuti zimaposa fixed deposit. Mu 2024 ya masiku 364 inkabereka 26 peresenti, ya masiku 91 inkabereka 16. Koma chotsani msonkho pa 26 ija, mutsala ndi 20.8, pomwe mitengo chaka chimenecho inakwera kudutsa 30. Mukuluzabe, kungoti pang'onopang'ono. Ntchito ya Treasury bills, ngakhalenso ma unit trust (thumba lomwe anthu ambiri amasonkhamo ndalama, akatswiri n'kumaziyendetsa) omwe amaika ndalama m'ngongole zazifupi ngati zimenezi, ndi kusungirako ndalama ya pangozi, yomwe mungaifune mwadzidzidzi. Kwa inu ndalama ya pangoziyo ikhale ya miyezi 9 kapena 12, osati itatu yomwe mabuku amanena. Mukudziwa bwino kuposa ine zomwe zinachitika mu January 2025, boma la America litaimitsa thandizo lake kumayiko akunja: anzanu ambiri a m'mabungwe anapumitsidwa ntchito osafuna, ena ndi kalata ya sabata imodzi. Ndiye K15 miliyoni muli nayoyo, kunena zoona, ndi ndalama yanu ya pangozi. Isamutseni ipite komwe ikubereka bwinoko, muigawe kuti ina izikhwima miyezi itatu iliyonse, ndipo musaiwerengere ngati chuma chopumira. Chuma chopumira chikuyamba ndi K700,000 ya mwezi uno.

Chomwe chakhala chikupambana kukwera kwa mitengo m'zaka zapitazi ndi masheya a pa Malawi Stock Exchange ku Blantyre. Msikawu ndi waung'ono. Kampani yoyamba kulowapo inali NICO mu 1996, ndipo mpaka posachedwapa makampani onse anali 16 okha: mabanki monga National Bank, Standard Bank, NBS ndi FDH, a mafoni Airtel ndi TNM, Illovo ya shuga, Press Corporation, Sunbird ndi Blantyre Hotels, a nyumba MPICO ndi Icon Properties, ndi ena ochepa. Kugula sikovuta monga anthu amaganizira. Mumapita kwa stockbroker (kampani yogulira ndi kugulitsira anthu masheya) wovomerezeka ndi Reserve Bank, monga Stockbrokers Malawi, Continental Capital kapena Cedar Capital, ndi chiphaso chanu cha unzika, n'kutsegula akaunti. Chifukwa chomwe masheya amalimbana ndi kukwera kwa mitengo n'chosavuta kumva: mitengo ikakwera, kampani ya shuga imakweza shuga, ya mafoni imakweza mabandulo, phindu lawo m'makwacha limakwera, ndipo inu monga mwini kachigawo mumakwera nawo. Amene anagula masheya a FDH Bank pa K10 pomwe inkalowa pamsika mu 2020, pofika kumapeto kwa 2024 sheya iliyonse inali itadutsa K100.

Komatu apa mpamene ndikufuna mukhale tcheru, chifukwa nkhani ngati ya FDH imaledzeretsa. Choyamba, zomwe zinakwera kale zakwera kale. Wogula lero akugula pa mtengo wa lero, ndipo palibe msika padziko lapansi womwe umangokwera osatsika. Chachiwiri, msika wathu ndi wopyapyala. Masheya ambiri ali m'manja mwa makampani a penshoni ndi inshulansi omwe sagulitsa kawirikawiri. Tsiku lomwe aliyense akufuna kugula, mtengo umauluka chifukwa ogulitsa palibe. Tsiku lomwe inu mukufuna kugulitsa kuti mulipire chipatala, mutha kudikira masabata wogula osaoneka.

Chachitatu ndi chomwe anthu ambiri saona. Phindu lalikulu la mabanki athu m'zaka zimenezi lachokera pokongoza boma pa chiwongoladzanja chokwera. Penshoni yanu nayonso, amene amaiyendetsa amaiika kwambiri m'ngongole za boma ndi m'masheya omwewa. Tsono munthu atha kukhala ndi Treasury bills, masheya a mabanki atatu ndi penshoni, n'kumati ndamwaza chuma changa malo osiyanasiyana, pomwe wamanga nkhokwe zitatu zogundana madenga: moto ukagwira imodzi, zonse zapita. Zonsezo zatsamira pa wokongola mmodzi, yemwe ndi boma. Sindikulosera kuti boma lathu lilephera kubweza. Ndikungoti zinachitikapo kwa anzathu. Zambia inalephera kulipira ngongole yake yakunja mu November 2020. Ghana mu December 2022 inauza anthu ake omwe anakongoza boma kwa zaka zingapo kuti asinthanitse mapepala awo ndi atsopano a chiwongoladzanja chochepa komanso nthawi yaitali, ndipo mabanki a kumeneko analuza kwambiri. Ndiye pogula masheya musadzaze mabanki okhaokha. Sakanizani ndi makampani ogulitsa zinthu zenizeni, ndipo dziwani kuti pamsika wathu womwewu pali FMB Capital Holdings yomwe ili ndi mabanki ku Botswana, Mozambique, Zambia ndi Zimbabwe, komanso Old Mutual ya ku South Africa, zomwe phindu lake silidalira kwacha yokha. Sindikukusankhirani kampani. Gulani pang'onopang'ono mwezi ndi mwezi, osati chuma chonse tsiku limodzi, ndipo phindu lomwe amagawa kwa eni masheya muzigulanso nalo masheya.

Za madola ndingonena mwachidule. Malamulo athu salola munthu wamba kungogula ndalama zakunja n'kumasunga momwe akufunira, ndipo za kumsika wakuda zija, kupatula kuti n'kuphwanya lamulo, mumagula pa mtengo wokwera kwambiri kuposa wa ku banki. Njira yoyera yopezera ndalama zakunja ndi luso lanu, ndipo ndibwererako.

Tsopano nyumba, yomwe kwa ine ndiyo mwala wapangodya pa nkhani yanu. Lendi yanu ndi K400,000 pamwezi, K4.8 miliyoni pachaka. Chulukitsani ka 25, mupeza K120 miliyoni. Ndiye kuti tsiku lomwe mudzalowe m'nyumba yanuyanu, phiri la K390 miliyoni lija lidzatsika kufika pa K270 miliyoni, ndipo mudzachoka m'manja mwa landilodi amene amakweza lendi kwacha ikangotsokomola. Njerwa, simenti ndi malata zimakwera limodzi ndi mitengo, choncho ndalama yomwe mwaisandutsa khoma yathawa kale dzimbiri la kwacha.

Koma mangani nyumba yokwana inu, osati yoti anthu a kutchalitchi adzaione. Tayendani ku Area 49 kapena ku Area 25 muone nyumba za zipinda zisanu zomwe zinaima pa mawindo, udzu utamera m'chipinda chochezera, mbuzi zikubisalamo dzuwa, matumba a simenti atauma gwa pakona. Mwini wake akulipirabe lendi kwina, ndipo mamiliyoni omwe anakwirira pamenepo sakubereka kalikonse. Nyumba ya zipinda ziwiri kapena zitatu yomwe mwaimaliza n'kulowamo imaposa chinyumba chomwe chidzathe mwana wanu atakwatira. Poloti musagule kwa madobadoba pongoona kalata ya amfumu. Kafufuzeni ku Unduna wa za Malo kapena ku khonsolo ngati malowo ali ndi mwini kale, chifukwa poloti imodzi kugulitsidwa kwa anthu atatu si nkhani yachilendo m'tauni muno. Chikalata cha umwini chikhale m'dzina lanu. Ngati muli pabanja, mukambirane poyera kuti palembedwa mayina a ndani.

Nyumba zochititsa lendi ndi nkhani ina. Amalawi timazikonda chifukwa zimaoneka ndi maso, ndipo sizoipa. Kungoti lendi imatsatira malipiro a wokhalamo, ndipo malipiro sathamanga ngati mitengo. Mitengo ikakwera ndi 30 peresenti, simungakweze lendi ndi 30 peresenti chaka chilichonse, munthu angokusiyirani makiyi. Chotsaniponso miyezi yomwe nyumba ili yopanda munthu, wina wothawa ndi lendi ya miyezi itatu, penti, mapaipi ndi msonkho. Musanamange, gawani lendi ya chaka chonse ndi ndalama zonse zomwe nyumbayo idye, muone peresenti yomwe ituluke. Kawirikawiri imakhala yochepa kuposa momwe anthu amayembekezera. Phindu lenileni la nyumba limakhala pa kukwera kwa mtengo wake, ndipo limenelo simungadye pokhapokha mutagulitsa.

Banki mkhonde ndi SACCO zili ndi malo ake. Zimaphunzitsa mwambo wosunga, ndipo SACCO yolembetsedwa imayang'aniridwa ndi Reserve Bank. Koma phindu la banki mkhonde limachokera m'matumba mwa mamembala omwewo, ndipo awiri akalephera kubweza, December amakhala wa misozi. Ikanimo ya Khirisimasi ndi fizi ya January, osati ya ukalamba wanu. Ndipo aliyense wokuuzani kuti bweretsani miliyoni mudzatenge miliyoni ndi theka mwezi wamawa, kaya akuti ndi forex, kaya crypto, kaya ndi mnzanu wa kukwaya, mufunseni chiphaso cha Reserve Bank. Akayamba kufotokoza zambiri, nyamukani.

Pali zinthu ziwiri zomwe masamu a ku America sawerengera n'komwe, ndipo ndi zimene zimagwetsa anthu kuno. China ndi abale. Mwatchula amayi ku Dedza, ndipo mwachita bwino kuwaika m'bajeti. Koma mukudziwa kuti sizithera pa ndalama ya mwezi ndi mwezi. Pali feteleza wa November, maliro omwe bokosi limayang'ana kwa wa ku tauni, mwana wa achimwene amene wasankhidwa kupita ku sekondale, denga lomwe lasasuka ndi mphepo. Mzungu wopuma pa zaka 40 amawerengera pakamwa pake ndi pa mkazi wake basi, makolo ake ali ndi penshoni ya boma. Inu ndinu penshoni ya amayi anu. Ndipo musaganize kuti mukasiya ntchito mapempho adzachepa. Anthu akadzaona kuti muli pakhomo Lachiwiri m'mawa, nyumba ndi yanu, galimoto ili panja, adzati ndalama zachuluka mpaka wasiya ntchito. Sindikuti muumitse mtima. Ndikuti tengani kope, mulembe zonse zomwe zinapita kwa abale miyezi 12 yapitayi, kuphatikizapo za pa Airtel Money ndi Mpamba zomwe munaziiwala. Nambala imeneyo ndi gawo la moyo wanu ngati lendi. Ikani malire ake pachaka, mukhale pansi ndi abale anu ena mugawane mtolo, ndipo amayi muwalembetse pa inshulansi ya maliro, yomwe ndi yotsika mtengo poyerekeza ndi zomwe imaphimba.

Chinacho ndi matenda. Lero mwina bungwe lanu limakulipirirani MASM kapena sikimu ina ya chipatala. Tsiku lomwe mwatula pansi ntchito, zimenezo zatha, mudzilipirira nokha pa msinkhu womwe BP ndi shuga zimayamba kugogoda. Chipatala cha boma n'chaulere, koma nthawi zambiri amakulemberani mankhwala kuti mukagule ku famase. Matenda akakula mpaka kufunika ku India kapena ku South Africa, bilu yake imakhala ya madola. Matenda amodzi otere atha kudya zomwe munasunga zaka khumi. Choncho pa bajeti ya moyo wopuma, sikimu ya chipatala ya inu ndi mwana ilembedwe pamwamba, isanabwere ngakhale ndiwo.

Penshoni sindinaiwerengere m'masamu aja, ndipo ndi nkhani yabwino kwa inu. Kuyambira 2011 lamulo limakakamiza olemba ntchito kuika 10 peresenti ya malipiro anu ku penshoni, inu n'kuikapo 5. Ndalama imeneyo ikukula pambali. Koma ili ndi loko: mwa lamulo, msinkhu wopumira suyamba munthu asanafike zaka 50. Ndiye wosiya ntchito pa 45 ali ndi zaka zisanu zoti adzidyetse yekha asanaione yonse. Chitani zinthu ziwiri. Pemphani sitetimenti yanu kwa amene amayendetsa penshoniyo chaka chilichonse, muone ngati ndalama zikufikadi, chifukwa alipo mabwana ambiri amene amadula pa malipiro koma osatumiza, ndipo Reserve Bank yakhala ikudandaula za zimenezi. Chachiwiri, kontrakiti ikatha, lamulo limalola kutapako gawo lina pakapita miyezi ingapo muli pa ulova. Ngati ndalama ya pangozi ilipo, musaikhudze penshoniyo. Anthu a makontrakiti ambiri amafika zaka 55 alibe kanthu chifukwa ankaitapa pakati pa ntchito iliyonse.

Tsono tiyeni tiwerengenso, koma mwa kuno kwathu. Tiyerekeze kuti m'zaka zisanu zikubwerazi mwamanga nyumba yomwe yadya K42 miliyoni ya lero yomwe mungasunge m'zaka zimenezo, poloti ndi zonse. Kuyambira pamenepo lendi ija mukuiwonjezera pa zosunga. Pofika zaka 45 mungakhale ndi nyumba yanu, opanda ngongole, komanso pakati pa K80 miliyoni ndi K100 miliyoni ya lero m'masheya ndi m'malo ena. Moyo wanu ukudya K900,000 pamwezi chifukwa lendi palibe. Mutangokhala osagwira kalikonse, ndalamazo zitha m'zaka 7 mpaka 9. Koma mutamapeza K500,000 pamwezi pa ntchito ya apo ndi apo, chosowa ndi K400,000 yokha, K4.8 miliyoni pachaka, ndipo chuma chomwecho chikufikitsani zaka 17 mpaka 20, penshoni isanalowepo. Mukapirira pa ntchito zaka zina zitatu kapena zinayi, mpata wotsalawo utsekeka, ndipo mudzakhala mutayandikira pakhomo pa penshoni. Ine kuno sindingakhulupirire 25 ija. Ndingafune chosowacho kuchulukitsa ka 30, ndipo gawo lalikulu likhale m'zinthu zomwe zimakwera ndi mitengo.

Mwaona kuti chomwe chasintha masamu onsewa si sheya yamatsenga, koma K500,000 ya ntchito ya apo ndi apo. M'dziko lomwe ndalama imasungunuka chonchi, luso ndi chuma chokhacho chomwe mtengo wake mumaukonzanso chaka chilichonse. Munthu wodziwa kulemba mapulani a mapulojekiti, kuwerengera ndalama za mabungwe kapena kuchita kafukufuku wa m'midzi amalipiritsa pa tsiku, ndipo kwacha ikagwa amakweza. Ena amalipidwa m'madola ndi mabungwe akunja, mwalamulo, kudzera ku banki. Ndiye pa K700,000 ija musaope kupatulako ina yolipirira maphunziro omwe akweze mtengo wa tsiku lanu. Yambani kutenga tintchito totere mukadali pa ntchito, ngati kontrakiti yanu ikulola, kuti podzachoka mudzakhale ndi anthu okuimbirani foni. Ndipo poti thandizo lakunja laonetsa kuti litha kuuma nthawi ina iliyonse, luso lanu lisakhale lodziwika ku mabungwe okha. Makampani nawonso azikudziwani.

Mwina mumtima mukuti ndikadzapuma ndizikalima ku Dedza, mbatata ya kachewere ndi nyemba zizindidyetsa. Ambiri amatero, ndipo ambiri ndalama yawo yopumira inathera m'munda m'zaka ziwiri. Ulimi ndi ntchito yolemera kuposa ya muofesi, ndipo bwana wake ndi mvula. Amene analima kum'mwera mu 2023 anakumana ndi namondwe wa Freddy, chaka chotsatira kunabwera ng'amba ya El Niño. Walira mvula walira matope. Ngati mukuufunadi, uyeseni panopa pa ekala imodzi kapena ziwiri malipiro akubwerabe, muzilemba tambala iliyonse yolowa ndi yotuluka kwa zaka zitatu, kuphatikizapo mafuta opitira kumundako ndi aganyu. Kope limenelo ndi lomwe lidzakuuzeni ngati munda ungalowe m'malo mwa K500,000 ija.

Fizi ya mwana muiwerengere payokha, chifukwa pomwe inu mukufuna kupuma mpamene iye adzakhale ku sekondale kapena ku koleji, nthawi yomwe fizi imaluma kwambiri. Ndipo popeza mwayamba kusonkhanitsa katundu, lembani wilo. Lamulo la 2011 la chuma cha masiye limateteza ana ndi mkazi kapena mwamuna wotsala, ndipo kulanda katundu wa masiye ndi mlandu, komabe kopanda wilo mwana wanu atha kuyenda m'maofesi zaka zambiri. Ku penshoni nakonso kuli fomu yolembapo odzalandira ndalama zanu. Ikayang'aneni ngati mayina omwe munalemba tsiku loyamba ntchito ndi omwe mukuwafunabe lero, ndipo masheya mukagula, wina wodalirika adziwe kuti ali kwa stockbroker uti.